Nkhungu ya M'kati mwa Galasi

Wotchi yochokera kuphiri ndimaidziwa mwiniwake asanatsegule pakamwa. Lamba wake amanunkha utsi wa nkhuni, m'mbali mwa mabatani muli dothi lakuda, ndipo kunsi kwa galasi kuli timadontho tokhala ngati thukuta. Kabenchi kanga kali pa Chitakale, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Ndisanagwire ntchito yokonza mawotchi ndinasenzako zikwama za alendo kwa zaka zinayi, kuyambira pa Likhubula, moti njira zimene mawotchiwa amadutsa ndinazipondapo ndi mapazi anga.

Ambiri amaganiza kuti chimapha wotchi ndi kutalika kwa phiri. Nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, koma wotchi ilibe mapapo oti ibanike. Mdani wake ndi chinyontho. Kumbuyo kwa chivundikiro kuli kamphira kozungulira, kopyapyala ngati ulusi, ndipo ndi komwe kamatsekereza madzi. Kakauma, kapena wina akasintha batire n'kukabwezera mokhota, basi khomo latseguka. Munthu amakwera thukuta lili kamukamu, wotchi yafunda pamkono, kenako n'kudziponya m'madzi ozizira a pa Dziwe la Nkhalamba. Mpweya wa m'katimo ukazizira mwadzidzidzi, chinyontho chimaundana pagalasi. Wina amandilozera kumbuyo pamene palembedwa 30M, ati imapirira mamita 30 pansi pa madzi. Chilembo chimenecho n'cha mvula ndi kusamba m'manja basi. Kusambira nayo, makamaka ukudina mabatani uli m'madzi, n'kudziputira.

Ikafika pabenchi ndimatsegula chivundikiro, kuchotsa batire msanga, n'kutulutsa makina onse ndi kopanira. Ndimavala kagalasi ka padiso kufufuza pamene pabiriwira, chifukwa dzimbiri limayambira pa kachitsulo kogunda batire. Ndimapala pang'onopang'ono, kupukuta ndi sipiliti, n'kusiya makinawo aume pamthunzi. Kamphira katsopano ndimakapaka girizi wa silikoni ndi nsonga ya chala, pang'ono chabe kuti kanyezimire. Zoti muiike mumpunga musamvere: mpunga suloŵa m'kati, ndipo masiku atatu amene mukudikirawo dzimbiri likudya.

Mawotchi oyeza kutalika kwa malo ndiwo amandibweretsera milandu yopanda wolakwa. Mlendo wina anabwera atakwiya kuti wotchi yake yodula yapenga: anagona m'nyumba ya alendo ya pa Chisepo, pafupifupi mamita 2,200, koma kutacha inkaonetsa kuti wakwera mamita 60 ali m'tulo. Sindinaitsegule n'komwe. Wotchi yotere siyeza phiri, imayeza kulemera kwa mpweya. Ukamakwera mpweya umapepuka, ndipo kumtunda kumeneko kutsika kwa hPa imodzi (muyeso wa kulemera kwa mpweya) kumaŵerengedwa ngati mamita pafupifupi 10. Nyengo ikamaipa mpweya umapepukanso iwe uli phee pamalo amodzi. Ndiye wotchi ija sinaname. Inkamuuza kuti kunja kukuipa, iye osamva chinenero chake. N'chifukwa chake ndimauza magaidi kuti pa nyumba iliyonse yogona, kaya pa Chambe, Thuchila kapena Lichenya, azikonzanso nambala ija ndi imene ili pamapu, ndipo m'mawa aziyamba ayiyang'ana asanaike madzi a tiyi pamoto. Ikamayeza kuzizira imanamadi, pakuti imamva kutentha kwa mkono wako. Uivule, uiike pamwala kwa mphindi 20.

Zija zotchaja ngati foni sindilimbana nazo. Ukayatsa GPS zambiri zimatha moto tsiku lisanathe kapena laŵiri, kuzizira kwa Juni kumafooketsanso batire, ndipo m'nyumba zogona za kuphiri mulibe soketi ya pakhoma. Pa tsiku lachitatu mwini wake amakhala akufunsa nthawi kwa wonyamula katundu amene wavala ka Casio F-91W. Kameneka kanatuluka mu 1989, batire lake la CR2016 limatha zaka pafupifupi 7, ndipo kugona nako pamkono m'bulangeti n'kokwanira kukateteza ku chisanu.

Chimene chinandiphunzitsa kulemekeza kanthu kameneka chinachitika ndikadali wosenza katundu. Kuchoka pa Chisepo kukafika pa Sapitwa ndi maola atatu kapena anayi, kukwawa m'miyala, ndipo mwezi wa Julayi 6 koloko isanakwane mdima wagwa kale. Tsiku lina tikukwera, pini ya lamba wanga inathyoka popanikizika pamwala, wotchi n'kugwera m'phanga. Nkhungu ya Chiperoni inabwera masana, dzuwa osaoneka, ndipo tinapitirira kukwera poganiza kuti nthawi ilipo. Tinatsika ndi tochi imodzi anthu anayi, mawondo akugundana. Mpaka lero wotchi iliyonse yopita kuphiri ndimaikoka lamba mwamphamvu, ndipo pini ikangogwedera ndimasintha osalipiritsa.

Sabata yatha kunabwera mnyamata amene wangoyamba kuperekeza alendo, atanyamula wotchi ya mivi, ya lamba wachikopa, imene anamusiyira mlendo.

"Madala, imeneyi ingafike pa Sapitwa?"

Ndinaitembenuza, kutsegula chivundikiro, n'kuona kamphira katang'ambika paŵiri.

"Kufika ifika, achimwene. Koma muisiye kaye mpaka Lachinayi, ndipo chikopachi tichotse, chiwola ndi thukuta. Muli ndi ulendo liti?"

"Loŵeruka, masiku anayi."

Ndinatsegula kabati kufuna lamba wa pulasitiki wa mamilimita 18.