Kadzutsa wa malambe

Ine ndimaphunzitsa kalasi yaciwiri pa sukulu ya kumudzi m'boma la Chifunde, ca kumunsi kotentha kumene kuli milambe yambiri. M'caka ca 2024 mvula inadula msanga, ndipo cimanga cinapserera m'minda. Pofika mwezi wa Juni, nkhokwe zambiri zinali zitagona kale.

M'kalasi mwanga munali mtsikana wina wanzeru. Ndikafunsa funso, dzanja loyamba kukwera linali lake. Koma masiku amenewo anayamba kusinza dzuwa lisanafike pamutu. Tsiku lina ndinamuyitana.

"Iwe, kodi wadya ciani lero?"

Anaweramitsa mutu. "Sindinadye, aphunzitsi. Kwathu tidya madzulo."

Ndinafunsa kalasi yonse. Ana amene anadya kadzutsa ndinawawerenga pa zala za dzanja limodzi.

Usiku umenewo sindinaone tulo. Ndinakumbukira nthawi imene ndinali ku sukulu ya uphunzitsi. Tsiku lina, mu mzinda wa Tete, mnzanga anandigulira cakudya cozizira m'kabotolo. Anati dzina lake ndi yogati ya malambe. Nditalawa ndinaseka, cifukwa lilime langa linkadziwa kale kukoma kumeneko. Agogo anga ankatikonzera zomwezo m'mbale yadothi, ife n'kumacita nazo manyazi. Tinkati ndi cakudya ca njala. Koma mu mzinda anthu anali kucigula ndi ndalama!

Kodi yogati n'ciani? Yogati yeniyeni imapangidwa ndi mkaka. Tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso timasasitsa mkakawo mpaka ulimbe, monga momwe maheu amasasira mumtsuko. Koma kwathu kuno mkaka wa ng'ombe ndi wosowa, ndipo popanda firiji sukhalitsa. Ndiponso akuluakulu ambiri akamwa mkaka amatupidwa m'mimba.

Ku maiko ena kuli anthu amene anasankha kusadya ciliconse cocokera ku nyama. Sadya nyama, nsomba kapena mazira, ndipo samwa mkaka. Pa Cingerezi amawachula kuti ma vegan. Iwowa yogati yawo amapanga ndi soya kapena kokonati, n'kumadya m'mawa. Ufa wa malambe nawo amaufuna. Maiko a European Union analola kuti uzigulitsidwa kumeneko m'caka ca 2008. Tsono cimene ena amaitanitsa kucokera kutsidya kwa nyanja, ife cimagwa cokha kuseri kwa nyumba.

Malambe safuna kusasitsa, pakuti ndi owawasa kale. Ufa wake umauma wokha m'cigoba, ndipo umasungika miyezi yambiri. Muli vitamini C wambiri kuposa wa m'malalanje. Mulinso kashiamu, mcere umene umalimbitsa mafupa ndi mano. Koma malambe okha sakwanira kukulitsa thupi la mwana. Pamafunika nsinjiro, cifukwa mtedza uli ndi mafuta ndi zakudya zomanga thupi.

Loweruka ndinapita kwa mayi ake a mtsikana uja. Anandiyalira mphasa, tinapatsana moni, ndipo ndinafotokoza cimene ndinadzera. Iwo anaseka.

"Aphunzitsi, malambe si zoseweretsa ana oweta mbuzi kodi? Mwana angapite nawo kusukulu?"

"Mayi, tiyeni tiyese kamodzi. Cikakanika ndidzapepesa."

Tinaswa malambe atatu. Tinacotsa za m'kati zonse n'kuziika m'mbale yoyera. Tinathiramo madzi owiritsa amene anali atayamba kuzizira, n'kuvundikira. Patapita kanthawi tinatakasa ndi mthiko mpaka ufa wonse unasiyana ndi nthanga. Kenaka tinasefa kuti nthanga ndi ulusi zitsale. Zimene zinatsikira m'mbale zinali zolimba ngati phala. Shuga panalibe, motero tinakanyiramo nthoci ziwiri zakupsa. Pomaliza tinathiramo nsinjiro za mtedza wokazinga. A mu mzinda ena amaonjezeramo mkaka, koma ife sitinathiremo ngakhale dontho.

Mayiwo analawa, nakhala cete. Kenaka anati, "Amayi anga ankakonza comweci. Ndinali nditaiwala."

Sindinena kuti njala inatha. Caka cimeneco cinali cowawa mpaka pamene tinakololanso. Masiku ena mtedza unalibe, ana n'kudya malambe okha. Masiku ena ankathira malambewo m'phala locepa la gaga kuti likwanire onse. Koma Lolemba lotsatira mtsikana uja sanasinze. Ndinalemba masamu pa bolodi, ndipo potembenuka ndinaona dzanja lake lili m'mwamba.

Kuyambira pamenepo ndinaleka kupeputsa cakudya ca kwathu. Inenso kadzutsa wanga masiku ambiri ndi yemweyu.

Ana inu, mimba yopanda kanthu ilibe makutu. Nyengo ya malambe ikafika, tolani okhwima, osasweka, ndipo muwasunge pamalo pouma. Pokonza, sambani m'manja ndipo madzi akhale owiritsa. Lero mukaweruka, mukafunse agogo anu mmene iwo ankakonzera malambe ali ana. Mawa mudzatiuze m'kalasi.