MAOLA 8 KU JONI NDI UTHENGA WA MAYI M'THUMBA

Ndafika bwino kuno kwathu kwa Mpama. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti Abusa, ulendo wa ku Cape Town unayenda bwanji? Za msonkhanowo ndidzanena tsiku lina. Lero ndikufuna ndikuuzeni zimene zinachitika pakati pa njira. Nkhaniyi ndi yayitali, koma werengani mpaka pansi.

Tikiti imene anandigulira inali yotsika mtengo, ndiye inali ndi vuto lake. Kuchoka pa Chileka kukatera pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg ndi maola awiri ndi pang'ono basi, koma ndege yachiwiri inali yonyamuka usiku. Pakatipo panali maola 8 ongodikira. Ine ndinali nditakonza kale kuti ndikapeza mpando, ndikumbatire chikwama, ndiwodzere.

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke, kunyumba kunabwera mayi ena achikulire a mumpingo mwathu. Mwana wawo anakwera basi pa Wenela ku Blantyre mu 2017, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, kukasaka ganyu ku Joni. Poyamba ankaimba foni, ankatumizanso kangachepe. Kenako zii. Ngakhale Freddy atagwetsa khoma la nyumba yawo mu Malichi 2023, mwana sanamveke.

Mayiwo anandipatsa kapepala kolembedwa nambala imene anaipeza kwa mnzake wa mnyamatayo. Anati, “Abusa, ndamva kuti mukudutsa ku Joni. Mukamuuze kuti ndalama sindikuzifuna. Ndikungofuna ndimve mawu ake.”

Ndinawafotokozera kuti ine ndikungosintha ndege, Joni ndi mzinda waukulu, si Mbulumbuzi. Iwo anangondiyang'ana. Ndiye ndinatulutsa foni n'kuwajambula mawu, ndinati mayi yankhulani ngati ali pompano.

Nditatera pa OR Tambo anandidindira pasipoti mosavuta, poti ife Amalawi tikamakangocheza kwa masiku ochepa sitifunika viza ya ku South Africa. Chikwama chachikulu ndinachiperekeratu ku ndege yachiwiri, n'kutsala ndi kam'manja. Mpando ndinaupezadi, wabwino. Koma kapepala kaja sikanandipatse mtendere. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndinalumikiza intaneti ya pabwalopo n'kumulembera pa WhatsApp. Anawerenga, osayankha. Ndinalembanso kuti sindinabwere kudzakuweruza, ndili ndi maola ochepa. Patapita mphindi 40 anayankha mwachidule: “Park Station, Abusa. 3 koloko.”

Apa ndinayamba ndawerengera nthawi papepala. Ndinachotsa maola awiri oti ndikhale nditabwerera kale pabwalo ndege isananyamuke. Ndinachotsanso nthawi ya panjira, kupita ndi kubwera, ndi ola lina loti mwina ndingasochere. Anatsala maola ngati atatu. Ndinati akwana.

Safunsa anadya phula, ndiye ndinafunsa. Anandilozera sitima yotchedwa Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, chaka cha World Cup chija. Imanyamukira pabwalo pomwepo, ndipo mphindi ngati 15 mwafika ku Sandton. Pamenepo mumasintha, kukwera ina yodutsa ku Rosebank mpaka Park Station. Mtengo wake, eee, ndinamva kuwawa, koma sikhala pa mzere wa magalimoto ngati thekisi. Munthu wodikira ndege amagula nthawi.

Pa Park Station m'pamene mabasi ambiri ochokera kwathu amatsitsira anthu. Ndinamva Chichewa, ndinamva Chiyao, ngati ndili mu Limbe. Ndinakumbukira agogo anga aamuna amene anabwera kuno pa Wenela kudzakumba m'migodi, Kamuzu asanaletse ulendowo ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974. Zaka zonsezi ana a ku Chiradzulu tikuthirabe thukuta mumzinda womwewu.

Mnyamatayo anabwera atavala chipewa chofika m'maso. Wawonda. Tinakhala pamalo ena odyera, ndinagula papa, nsima yawo ija, ndi nkhuku. Sindinamulalikire, abale. Ndinangomufunsa kuti mwanawe, chinachitika n'chiyani?

Anati, “Abusa, ntchito inatha, mapepala anatha. Ndimagwira maganyu a apa ndi apo. Ndikaimba kumudzi aliyense amaganiza kuti ndatumiza. Nyumba itagwa ndinamva, koma ndinalibe ngakhale ya thumba limodzi la simenti. Ndikanati chiyani kwa amayi?”

Ndinaika foni patebulo n'kutsegula mawu aja. Mayi anayamba ndi kumutchula dzina la paubwana, kenaka anamuuza za mbuzi, za nandolo, za amene anamwalira. Ndalama sanazitchule ngakhale kamodzi. Mnyamata wamkulu ndithu anagwetsa nkhope m'manja, nkhuku n'kuzizira.

Tinaimbira mayi busa kunyumba, iwo anathamanga ndi foni kwa mayiwo. Ine ndinachokapo, kukaima patali. Analankhulana mphindi 20. Zimene anakambirana ndi zawo.

Nthawi itakwana anandiperekeza mpaka pa geti la sitima, n'kundichenjeza kuti Abusa foniyo ibiseni, kuno simuyenda nayo m'manja. Anandipatsira ka bulangete kuti ndikapereke kwa mayi ake.

Tsono sekani nane. Pobwerera, maganizo atandichuluka, ndinapitirira Sandton osatsika! Mtima unagunda, ndinati ndege yapita, ndikafotokoza bwanji kwa amene anandigulira tikiti? Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anandiuza kuti nditsike pa Marlboro, siteshoni yotsatira, poti sitima ya ku bwalo la ndege imaimanso pomwepo. Ola lija ndinasungira kusochera linagwira ntchito yake. Ndinafika nthawi ilipo.

Kwa inu amene mudzadutse njira imeneyi: mukakhala ndi maola ochepera 6, khalani pabwalo, musayese. Akakhala ambiri, yambani mwafunsa ngati pasipoti yanu ikulolani kutuluka, dziwani komwe kuli katundu wanu, sankhani malo amodzi okha, ndipo bwererani kusanade, poti sitimayi siyenda usiku wonse. Ena amapita kukajambulitsa pa chipilala cha Mandela ku Sandton, si zolakwika. Koma musananyamuke kumudzi, funsani ngati pali wina amene ali ndi mwana kumeneko.

Bulangete ndapereka dzulo. Mayi aja akuti mwana waimbanso kawiri sabata ino. Sanabwerere kumudzi, mapepala ake sanakonzekebe, ndiye tisaleke kumukumbukira.

Nanunso amene mukuwerenga muli ku Joni, ku Durban, ku Cape Town, ndipo mwatha miyezi osaimba kwanu chifukwa m'thumba mulibe kanthu, imbani lero. Ndaona ndi maso anga, mayi amafuna mawu anu.

Mulungu akudalitseni nonse.