Joystick Sipambana Yokha

Ndimakonda magemu omenyana ngati Street Fighter ndi Tekken, ndipo anzanga ena amati katswiri weniweni amasewera ndi joystick ya arcade, ija ya kandodo ndi mabatani akuluakulu. Gwero la maganizowa ndikulimvetsa. Street Fighter II inatchuka m'ma arcade kuyambira 1991, ndipo mabatani ake 6 anakonzedwera makina oterowo. Komatu mu 2014, Luffy wa ku France anapambana mpikisano waukulu wa Evo ndi gamepad yakale ya PlayStation. Ineyo ndimasankha gamepad: ndi yotsika mtengo, imalowa m'chikwama, ndipo zala zanga zinaizolowera. Ophunzira anzanga, musathere ndalama ya chakudya pa joystick pongofuna kuoneka akatswiri. Luso limabwera ndi kusewera kawirikawiri.