Msilikali Woyenda Chimanjamanja

Liwu lakuti mmonke lidalowa m'chinenero chathu kudzera pakhomo la tchalitchi. Gwero lake ndi liwu la Chigiriki lakuti monachos, kutanthauza munthu wokhala yekha, ndipo litafika kwathu lidalandiridwa m'gulu la mayina a anthu: mmodzi ndi mmonke, ambiri ndi amonke, monga momwe timanenera mlendo ndi alendo. Mkatolika wa ku Dedza, wa ku Chipata kapena wa ku Tete akamva liwuli amaona munthu wovala mkanjo, wolawirira m'bandakucha kukapemphera, wosakwatira, wopanda chuma chakechake. Koma mwana wa Mkatolika yemweyo akatsegula masewera a pakompyuta n'kusankha mmonke, amene amatulukira pagalasi ndi munthu wometa mpala, wopanda nsapato, wothyola nthiti za ziwanda ndi chibakera. Anthu awiriwa amafanana pa chinthu chimodzi: onse adalumbira kusadalira katundu. Pa lumbiro limeneli m'pamene pagona mphamvu zonse za mmonke wa m'masewera, ndiponso zofooka zake zonse.

Mmonke wachiwiriyu kwawo ndi ku China, ku kachisi wa Shaolin m'chigawo cha Henan, koma njira imene adadzera ndi ya mafilimu. M'chaka cha 1973 dziko lidaonera Bruce Lee mu Enter the Dragon, ndipo m'chaka cha 1975 mmonke adaonekera koyamba m'masewera a Dungeons & Dragons, m'kabuku kowonjezera malamulo kotchedwa Blackmoor. Awa ndi masewera a patebulo, oseweredwa ndi mapepala ndi madayisi, koma ndiwo adabala malamulo amene masewera ambiri a pakompyuta a mtundu wa RPG amatsatira. M'masewera otere wosewera amapanga munthu wongopeka, namusankhira ntchito, kaya wankhondo, wamatsenga, wansembe wochiritsa kapena mbala, kenaka n'kumukulitsa levulo ndi levulo pogonjetsa adani ndi kutolera zofunkha. Ntchito iliyonse ili ndi chida chake. Wankhondo ali ndi lupanga ndi chishango, wamatsenga ali ndi buku, mbala ili ndi mpeni. Mmonke ali ndi thupi lake basi.

Mtsikana wina amene adakulira ku Ndirande adadziwana ndi munthu ameneyu kalekale asadakhudzeko kompyuta. Adakumana naye m'timanyumba ta mavidiyo, momwe ana ankathithikana pa mabenchi kuonera mafilimu a kung fu, ena omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata oseketsa kuposa eni filimuwo. Nkhani yake inkakhala imodzimodzi nthawi zambiri: mnyamata wosauka amenyedwa, athawira kwa mphunzitsi, atunga madzi ndi kusesa kwa zaka, pomaliza abwerera kukagwetsa anthu a malupanga ndi manja okha. Atamaliza maphunziro a ku yunivesite n'kukhala miyezi yambiri akuponya makalata ofunsira ntchito osayankhidwa, mlongo wake amene amagwira ntchito ku Johannesburg adamutumizira laputopu yakale koma yamphamvu, nati azisewera limodzi Baldur's Gate 3 pa intaneti Loweruka lililonse usiku. Mlongoyo adasankha paladin, msilikali wokutidwa ndi zitsulo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Iye adasankha mmonke osazengereza.

"Iwe, bwanji osatenga munthu wonyamula lupanga? Ufa msanga ndi ameneyo," adatero mlongoyo.

"Achimwene, lupanga munthu amalandidwa. Nanga manja anga adzandilanda ndani?"

Yankho limeneli ndilo mphamvu yoyamba ya mmonke, ndipo okonza masewera adaidziwa kuyambira kale. Mu Final Fantasy woyamba, amene kampani ya Square idatulutsa ku Japan m'chaka cha 1987, ndalama zimavuta. Zida ndi zodula, ngakhale matsenga amagulidwa m'sitolo. Mmonke wa m'menemo, amene ku America adamupatsa dzina lakuti Black Belt, amakula mphamvu ya zibakera levulo ikamakwera, mpaka kufika poti kumupatsa chida kumakhala kumuchepetsa. Wosewera wochenjera amamulanda chida chimene adamugulira poyamba, n'kusiya ndalama zonse kwa anzake atatu. Mmonke ndi mlendo amene sadya zambiri pakhomo, koma amalima munda waukulu.

Mphamvu yachiwiri ndi liwiro. M'malamulo a Dungeons & Dragons a m'chaka cha 2014, amene Baldur's Gate 3 idatengera ndi kusintha pang'ono, mmonke wosavala zitsulo amathamanga kuposa anzake kuyambira levulo 2, pa levulo 3 amatha kugwira muvi uli m'malere, ndipo pa levulo 4 akagwa kuchokera pamwamba savulala kwambiri. Ntchito yake yeniyeni pankhondo imachokera pamenepa. Adani oopsa kwambiri, amatsenga ndi oponya mivi, amaima kumbuyo, otetezedwa ndi khoma la asilikali. Wankhondo wolemedwa ndi zitsulo amafunika kuboola khomalo, pamene mmonke amalizungulira n'kufika kwa wamatsengayo asadamalize kulodza.

Mphamvu yachitatu imabwera pa levulo 5, ndipo ndiyo imene idachititsa mlongo uja kusiya kunyoza. Ndi nkhonya yotchedwa Stunning Strike, imene imaumitsa mdani ngati thupi lake lalephera kuipirira. Mdani woumayo sasuntha, samenya, salodza, ndipo aliyense womumenya amamupeza mosavuta. Popeza mmonke amaponya nkhonya zingapo pa mpata umodzi, amatha kuyesa kangapo mpaka imodzi igwire. Chilombo chimene chikadapha gulu lonse chimangoima chilili ngati chitsa, uku anzake a mmonke akuchisadzula.

Koma walira mvula walira matope. Munthu wokana zitsulo amalandira mikwingwirima pathupi. M'malamulo omwewo, moyo wa mmonke umawerengedwa ndi dayisi ya mbali 8, pamene wankhondo ali ndi ya mbali 10, ndipo barbarian ali ndi ya mbali 12. Komabe malo ake ndi pakati penipeni pa nkhondo, chifukwa chibakera sichiponyedwa patali. Mdani wouluka kapena woima kutsidya kwa phompho amamusandutsa woonerera. Chitetezo chake chimachokera ku makhalidwe awiri, changu cha thupi ndi nzeru, ndipo kuti asafe msanga amafunikanso kulimba kwa thupi. Wamatsenga akhoza kuunjika mapointi ake pa luntha lokha n'kukhala bwino, koma mmonke amagawa ufa wochepa m'miphika itatu. N'chifukwa chake m'malevulo oyambirira amakhala wofooka mochititsa manyazi. Amene adayesa kuyamba ndi mmonke pa levulo 1 mu Baldur's Gate: Enhanced Edition ya m'chaka cha 2012 amadziwa mmene mimbulu ya m'thengo imamugwetsera, ngakhale kuti mmonke yemweyo akafika m'malevulo apamwamba a Baldur's Gate II amasanduka chinthu chimene matsenga ambiri sachigwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma osewera ambiri amatopa nkhonoyo isadatulutse maso.

Chofooka china chili m'nkhokwe imene luso lake limatapamo. Nkhokweyo amaitcha ki, katchulidwe ka Chijapani ka liwu la Chitchaina lakuti qi, limene tanthauzo lake loyambirira ndi mpweya. Pa malamulo a 2014, mmonke amakhala ndi mapointi a ki ofanana ndi levulo yake: awiri pa levulo 2, asanu pa levulo 5. Nkhonya zowonjezera zimadya pointi, kuzemba mwapadera kumadya pointi, kuumitsa mdani kumadya pointi. Nkhondo ikatalika, mpweya umatha, ndipo amene amatsala ndi munthu wovala nsalu pakati pa malupanga. Malamulo atakonzedwanso m'chaka cha 2024 dzina la ki lidachotsedwa n'kuikapo Focus Points, ndipo nkhonya za mmonke zidawonjezeredwa mphamvu, chizindikiro chakuti eni masewerawo adamva madandaulo a zaka khumi.

Chimene chidamupweteka kwambiri mtsikana uja sichidali imfa za kawirikawiri. Chidali mabokosi a chuma. Masewera a RPG adamangidwa pa chisangalalo cha kutola: ukapha chilombo, umatsegula bokosi, umapeza lupanga lowala kapena chovala chachitsulo, ndipo mtima umadumpha. Loweruka ndi Loweruka zabwinozabwino zinkapita kwa paladin wa mlongo wake, amene ankasintha maonekedwe ngati mkwati, pamene mmonke wake ankangodikira mwina papezeka magolovesi kapena nsapato zomuyenera. Munthu amene masana onse adakhala akudikira foni ya olemba ntchito ankapezeka akudikiranso usiku, m'dziko longopeka, kuti wina amugawireko. Apa m'pamene pali vuto lenileni la ntchito ya mmonke. Masewera amene mphotho yake ndi katundu sadziwa chomupatsa munthu amene adalumbira kukana katundu.

Okonza masewera ayesa njira zosiyanasiyana kuti amasule mfundo imeneyi. A Obsidian, mu Pillars of Eternity ya m'chaka cha 2015, adasandutsa kufooka kwa thupi kukhala chuma: mmonke akamenyedwa amasonkhanitsa mabala, ndipo mabalawo ndiwo amalipirira luso lake, kotero kuti mmonke wosakhudzidwa ndi mdani amakhala wosauka. A Blizzard, pamene adabweretsa mmonke mu World of Warcraft m'chaka cha 2012, adapatsa nthambi yake ya Brewmaster luso lochedwetsa ululu, loti gawo la nkhonya imene walandira limwazike m'masekondi angapo m'malo mogwa nthawi imodzi, monga ngongole yobweza pang'onopang'ono, ndipo akamwa chakumwa chake amafafaniza ina mwa ngongoleyo. Mu Diablo III ya chaka chomwecho adangogonja poyera: mmonke wa m'menemo amavala zida za m'manja ndi zovala zamphamvu monga wina aliyense, chifukwa Diablo popanda zofunkha si Diablo. Ndipo mu Guild Wars ya m'chaka cha 2005 adabwerera ku tanthauzo la ku tchalitchi lija, mmonke n'kukhala wopemphera ndi wochiritsa anzake.

Njira ya a Larian Studios mu Baldur's Gate 3, imene idatuluka m'chaka cha 2023, ndiyo yoseketsa kuposa zonse. M'menemo muli luso lotchedwa Tavern Brawler, limene limawerengera kawiri nyonga za munthu pa nkhonya iliyonse. Mulinso mankhwala akumwa amene amakweza nyongazo kufika pa 21 mpaka munthu atagona. Osewera adazindikira msanga kuti mmonke wa nthambi ya Open Hand akhoza kusiya nyonga zake zachibadwa zili pansi, n'kumamwa botolo limodzi m'mawa uliwonse, ndipo amasanduka mmodzi mwa omenya koopsa m'masewera onsewo. Mmodzi mwa ogulitsa mabotolowo kumayambiriro ndi Auntie Ethel, gogo wooneka wachifundo amene pambuyo pake amadziwika kuti ndi mfiti. Chotero mmonke wamphamvu kwambiri ndi amene amagula mphamvu zake kwa mfiti.

Mlongo uja atamuuza za njirayi, mtsikanayo adakana kwa milungu iwiri. Adati mmonke wodalira botolo ndi chidakwa chovala mkanjo. Sabata yachitatu adamwa, atatopa kuona mlongo wake akuwononga mpata wake wa nkhondo pobwerera kudzamudzutsa. Kuyambira pamenepo adayamba kugwetsa adani awiri kapena atatu pa mpata umodzi, ndipo mlongoyo ndiye ankasunga ndalama za gulu kuti mabotolo asathe. Adaseka yekha pozindikira kuti ngakhale laputopu imene mmonke wosadalira munthuyu ankakhalamo idali ya mlongo wake, ndipo bandulo ya intaneti ankagula ndi yemweyo.

Amonke enieni, a ku Shaolin ngakhale a m'nyumba za Benedikito Woyera, sadakhalepo okhaokha monga momwe liwu la Chigiriki lija limanenera. Amakhala m'gulu, amadyera pamodzi, ndipo amene alibe chakechake amadya za onse. Mmonke wa m'masewera amayenda bwino akaseweredwa motero. Amafuna mnzake wovala zitsulo woti alandire nkhonya zoyamba, wochiritsa woima pafupi, ndi gulu lololera kupumula kawirikawiri kuti ki abwerere. Akapatsidwa zimenezi, amabweza ndi zimene wina aliyense sangathe: kufika kwa mdani wobisala kumbuyo, kumuumitsa, ndi kutuluka asadazingidwe. Wosewera wofuna kuima patsogolo ngati thanthwe asankhe wankhondo, ndipo wokonda kutsegula mabokosi asankhe aliyense wonyamula chida. Mmonke ndi wa munthu wotha kupirira malevulo anayi oyamba akugwa ndi kudzutsidwa, wowerenga mapointi ake a ki monga mayi amawerengera ufa kumapeto kwa mwezi, amene amadziwa nkhonya yoyenera kulipirira ndi yoyenera kuisunga.