Cimene Simunapime, Musalembe



Ine nchito yanga ndi ya zomangamanga. Caka cina khoti inandisankha kuti ndikaone shopu imene zipupa zake zinang'ambika. Mwini shopu anali kukamba kuti womanga anabako simenti, womanga naye akuti vuto ndi nthaka. Ine sindinali wa uyu kapena wa uja. Mboni yotele imatumikila khoti cabe.

Ndinapita ndi buku losoka, la mapeji a manambala, loti ukang'ambamo cimaonekela. Pamwamba ndinalemba deti, nthawi ndi anthu amene analipo. Mng'alu uliwonse ndinaupima, n'kuujambula tepi ili pambali kuti ukulu wake uoneke. Zimene ndinaona ndi maso anga pazokha, zimene ndinauzidwa pazokha, maganizo anga kothela. Ndikalakwitsa, mzele umodzi pa liulo, n'kusaina pambali. Kufufuta ayi.

Manje nditatsala ndi cipupa cakumbuyo, cimvula cinabwela. Ndinathawa osacipima.

Usiku ndili pa tebulo, mpata uja unali kundiyang'ana. Mtima unati, “Zipupa zitatu zonse zili ndi ming'alu ya mamilimita 5. Lembako 5, adzadziwa ndani?” Ndisakunamizeni, bolopeni ndinaigwila. Ndinacita manyazi kuoneka monga katswili wosatsiliza nchito. Koma ndinalemba kuti: “Cipupa cakumbuyo sindinapime, mvula.”

Patapita miyezi, tili m'khoti, loya wa womanga anatulutsa zithunzi za cipupa comweco. Cinalibe mng'alu olo umodzi! Ananditembenukila: “Imwe munapeza ciani kumbuyoku?” Ndinatsegula buku n'kuwelenga mzele uja. Anakhala pansi.

Ganizani mwe. Ndikanalemba 5, buku lonse likanasanduka bodza, ngakhale zoona zimene ndinapima bwinobwino. Ndipo munthu akanaluza ndalama, kapena dzina lake, cifukwa ca nambala imene ndinapeka kunyumba.

Imwe a pa msika, buku lanu la nkhongole n'cimodzimodzi. Lembani kasitoma akali ciimilile, nayenso aone. Musati “ndidzalemba madzulo,” pakuti mutu ukaiwala umaiwala mokomela mwini wake. Pamene simukumbukila, lembani kuti simukumbukila.

Lamulo lacisanu ndi cinai limaletsa umboni wonama. Ine ndinaphunzila kuti umboni woteleo suyambila pamaso pa woweluza. Uyambila pa tebulo, usiku, pamene palibe wokuona.

Mulungu akudalitseni pa malonda anu lelo.