Kavalo, Kama ndi Nsapato M'kati mwa Malinga a Manila

Mtunda wochokera pa chipata cha Fort Santiago kukafika pakhomo la tchalitchi cha San Agustin, mumzinda wa Manila, sukwana kilomita imodzi. Wamiyendo yopepuka angaudule m'mphindi khumi ndi zisanu. Koma mlendo amene khutu lake linaleredwa ndi Chichewa sangayende mwaliwiro chotero, pakuti m'njiramo muli mawu amene amamukola mwendo ngati khwekhwe.

Dera lonseli limatchedwa Intramuros, dzina la Chilatini lotanthauza "m'kati mwa malinga". Miguel López de Legazpi analanda malowa mu 1571, pamatsiriro a mtsinje wa Pasig, pamene panali mpanda wamitengo wa mfumu yachisilamu, Rajah Sulayman. M'zaka za m'ma 1590 Asipanishi anamangapo linga lamiyala, ndipo pamwamba pa chipata chake pali chosema cha Yakobo Woyera ali pakavalo, akuponda adani ake Achisilamu. Amene anachiika pamenepo sanabise cholinga chawo.

M'kati mwa lingalo, pansi, muli mapazi achitsulo ondondozana olowera kuchipata. Akusonyeza njira imene José Rizal anadzera m'mawa wa pa 30 Disembala 1896 popita kukawomberedwa ku Bagumbayan, ali ndi zaka 35. Ana asukulu amapondamo n'kumayesa kutalika kwa mapazi awo. Rizal anali dokotala wa maso, ndipo mlandu wake weniweni unali mabuku awiri, Noli Me Tángere la mu 1887 ndi El Filibusterismo la mu 1891, amene anavula ansembe ndi akuluakulu a boma lachitsamunda pagulu. Ndakatulo yake yomaliza anaibisa m'kachitofu kamene anapatsa mlongo wake. Zonsezi anazilemba m'Chisipanishi, chiyankhulo chimene lero Afilipino ochuluka sachimva. Lamulo la mu 1956 limati mabukuwo aziphunzitsidwa m'sukulu, ndipo akuphunzitsidwadi, koma omasuliridwa. Fuko limene Rizal analifera limamumva kudzera mwa womasulira. Pali chinanso chimene otsogolera alendo sakonda kutchula: mu 1890 Rizal yemweyo analemba nkhani yolimbikitsa kalembedwe katsopano ka Chitagalogi, kogwiritsa ntchito zilembo k ndi w m'malo motsata Chisipanishi. Ena anamunena kuti wadzetsa chilembo cha Ajeremani. Aliyense amene anaonapo akuluakulu akutukwanizana chifukwa cha c ndi ch, kapena kachipewa ka pa ŵ, adziwa kuti mikangano yotere sikhala ya zilembo zokha.

Kunja kwa chipata kwaima ngolo zamatayala awiri zodikira alendo. Ngoloyo amati kalesa, woyendetsa amati kutsero, ndipo nyama yoikoka amati kabayo. Apa ndipo mlendo uja amaima kaye. Kabayo ndi kavalo, yemwe uja wa m'Buku Lopatulika. Akafunsa za pogona, amva kuti bedi ndi kama, ndendende mmene agogo ake ankanenera. Chovala kuphazi ndi sapatos. Mkulu wa mudzi kapena dera laling'ono la mumzinda ndi kapitan, mbale wake wa kapitawo wa pa esiteti. Ndipo m'Chitagalogi chakale muli mawu akuti kalatas, otanthauza kalata.

Si matsenga ayi, ndiponso si umboni woti ziyankhulo ziwirizi n'zapachibale, monga angathamangire kunena okonda zodabwitsa. Chitagalogi chili m'banja limodzi ndi Chimalaya ndi Chimalagasi cha ku Madagascar. Chichewa n'cha m'banja la Bantu. Chimene chinachitika n'chakuti ziwirizi zinatapa m'nkhokwe zoyandikana. Pamene Asipanishi ankamanga Manila, Apwitikizi anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi, ndipo kuyambira mu 1580 mpaka 1640 maufumu awiriwa anali pansi pa mfumu imodzi. Philip II, amene zilumbazi zinatengera dzina lake, anali mfumu ya msilikali wa pa Pasig ndi wa pa Zambezi yemwe. Chokoma kuona ndi mmene lilime lililonse linasulira chimene linalandira. Onse awiri anakana kutchula r ndi t zogundana m'mawu akuti carta, choncho analowetsa a pakati. Koma Mtagalogi anameza mawuwo pamodzi ndi s wosonyeza zambiri, kotero kuti nsapato imodzi kwa iye ndi sapatos basi. Mchewa, amene salola mawu kuthera pa konsonanti, analibe vuto limenelo. Iye anangoika n kutsogolo kuti nsapato ilowe m'gulu la nsomba ndi nsima.

Njira imadutsa pa bwalo la Plaza Roma, pamene paima chosema cha mfumu Carlos IV, chothokoza katemera wa nthomba amene anafika m'zilumbazi mu 1805. Chakumaso kwake kuli Manila Cathedral. Ndi yaikulu, koma ndi yamakono: inamalizidwa mu 1958 pamabwinja a inzake imene inagwa ndi zivomezi, moto ndi nkhondo. Mlendo angaisuzumire n'kupitirira.

Msewu wa General Luna ndiwo umamutenga kuchoka pamenepo. Ukakhotera m'timisewu tam'mbali, Intramuros wa pa zithunzi amatha n'kuyamba Intramuros wokhalamo anthu. Zovala zayanikidwa pa mawaya, anyamata akuponya mpira m'chingwinjiri chokhomedwa pamtengo, amayi akugulitsa sopo ndi khofi wa m'timapaketi pa zenera la kagolosale kotchedwa sari-sari. Akabaza a kuno, amene njinga zawo zili ndi kangolo kumbali, amaitanira wodutsa aliyense. Ophunzira a ku Letran, Mapúa ndi Lyceum amadzaza malo odyera otchipa. M'nthawi ya Asipanishi mzinda wa m'malingawu unali wa iwo eni. Atchaina anaikidwa kunja, ku Parián, kumene mizinga ya pa linga inkatha kufika. Ambiri mwa mabanja osauka amene ali muno lero alibe chikalata cha malo, ndipo nthawi ndi nthawi pamabuka mapulani owasamutsa kuti deralo likongolere alendo. Funso la amene ayenera kugona m'kati mwa linga silinathe, langosintha oliyankha.

Kuyankhula kwa m'timisewumu kumakoma kukumvetsera. Mwana poyankha wamkulu amaika kamawu kakuti po, ndipo samutchula ndi ikaw, "iwe", koma kayo, "inu", ngakhale wamkuluyo ali yekha. Wofika pakhomo la eni ake sagogoda chabe, amafuula kuti "Tao po", kunena kuti "ndi munthu kuno", odi wakewake. Mkulu wake wamwamuna ndi kuya, wamkazi ndi ate, mawu ochokera kwa Atchaina aja anatsekeredwa kunja. Moni wakuti kumusta ndi funso la Chisipanishi lofupikitsidwa. Ndipo wogulitsa akamatchula mtengo kapena nthawi amasiya manambala a makolo ake n'kunena singkuwenta kapena alas tres, monga mayi wa mumsika wa Limbe amene sanganene kuti makumi asanu pamene "fifite" ali pafupi. Ndalama ndi wotchi zimayankhula chiyankhulo cha amene anazibweretsa.

Pamphambano ya General Luna ndi Anda pali kabwalo kokhala ndi chosema cha mayi wolira atanyamula khanda lakufa, chimene chinaikidwa mu 1995. Chikukumbutsa za nkhondo ya mu February 1945, pamene asilikali a Japan anakana kutuluka mumzinda ndipo a America anauphwasula ndi mizinga. M'mwezi umodzi anthu wamba pafupifupi 100,000 anafa. Ajapani anasonkhanitsa okhala mu Intramuros n'kuwatsekera mu San Agustin, kenaka anapatula amuna n'kuwatengera ku Fort Santiago. Nkhondo itatha, m'zipinda zapansi za lingalo munapezeka mitembo pafupifupi 600. Lero pali mtanda woyera pamanda awo. Mtunda umene mlendo akuyendawu, amuna amenewo anauyenda chobwerera.

San Agustin sichionekera patali. Khoma lake lakutsogolo n'losakongola kwenikweni, ndipo lili ngati munthu wodulidwa khutu limodzi, chifukwa nsanja ina ya belu inang'aluka ndi chivomezi cha mu 1880 n'kugwetsedwa. Chinamalizidwa mu 1607, ndipo mwa matchalitchi asanu ndi awiri a m'malingamu ndi chokhachi chimene chinatsala chiimire mu 1945. UNESCO inachilemba m'kaundula wake mu 1993. Pabwalo pali mikango yamiyala yosemedwa mwa Chitchaina, ikulondera nyumba ya Mulungu wa Aroma.

Dzina la nyumbayo m'Chitagalogi ndi simbahan, kuchokera ku tsinde lawolawo, simba. Koma wopembedzedwa m'katimo ndi Diyos. Ansembe Achisipanishi anaopa kuti akatenga dzina lakale la Bathala anthu adzalowa nazo m'tchalitchi zikhulupiriro zawo zonse, choncho anabwera ndi dzina lawo. Ku Nyasaland zinayenda mosemphana: amishoni anatenga Mulungu ndi Chauta, amene anawapeza kale pakamwa pa anthu, pamene nyumba yopemphereramo ndiyo inakhala tchalitchi. N'kovuta kunena amene anataya chachikulu. Komabe ansembe a ku Manila sanali agonthi pa chiyankhulo. Doctrina Christiana ya mu 1593, limodzi mwa mabuku oyamba kusindikizidwa m'zilumbazi, inalembedwa m'Chisipanishi ndi m'Chitagalogi, ndipo Chitagalogicho chinalembedwanso m'zilembo za eni dziko zotchedwa baybayin. Zilembozo zinali 17, chilichonse choimira phatikizo lathunthu, ndipo konsonanti yotsekera phatikizo sinkalembedwa; wowerenga ankaidziwa yekha. Cha mu 1620 wansembe wa chipani cha Augustino, Francisco López, anawonjezera kamtanda pansi pa chilembo kuti kaphe vawelo, koma eni zilembowo sanakalandire. Chodabwitsa n'chakuti kalembedwe kameneka kakanayenerana bwino ndi Chichewa, chimene maphatikizo ake amathera pa vawelo, kusiyana ndi Chitagalogi chimene kanapangidwira. Kakanangofuna mavawelo asanu m'malo mwa atatu.

M'kati mwa tchalitchi muli mdima wozizira. Denga likuoneka ngati losemedwa mwaluso, koma ndi utoto chabe, ntchito ya Ataliyana awiri ya mu 1875. Diso limakana kukhulupirira mpaka khosi litawawa. Kumbali kwa guwa kuli manda a Legazpi. Pansi pali miyala yamanda yolembedwa m'Chisipanishi, ina yofufutika ndi mapazi a zaka mazana. Tchalitchichi chimakondedwa ndi omanga maukwati, choncho kawirikawiri mlendo amauzidwa kuti adikire pakhomo, kuseri kwa chingwe, kufikira mkwatibwi ndi aperekezi ake atadutsa pamiyalapo.