Ba ticha, motoka yapita, tivule?

Imwe amene munali kukwela minibasi mu 2020, osanamizila kuti mwaiwala. Maski inali kukhala pa chibwano. Kondakita akangokuwa ati "ba bwana kutsogolo!" basi yonse yakweza maski mpaka pamphuno. Mukapitilila pa roadblock, yabwelela pansi. Ine sinikuweluzani iyayi. Naine nenze kuchita chimodzimodzi, koma nenze kuchitila pamaso pa ana a Giledi 1 ku Lundazi, kumene nenze kuphunzitsa.

Mukumbuka mwamene vinayendela. Masukulu anavalidwa pa 20 March 2020, patangopita masiku awili kuchokela pamene boma inalengeza odwala oyamba a corona mu Zambia. Pa 1 June anabwelela a mayeso chabe: Giledi 7, 9 na 12. Tiana twanga tunabwela pa 21 September, pambuyo pa miyezi 6 tuli panyumba. Lamulo inali yomveka: maski pamphuno na pakamwa, kusamba m'manja, kukhala motalikilana. Ticha ndiye anafunika kukhala woyamba.

Manje mvelani vuto yanga. Ku Lundazi ana ambili panyumba amakamba Chitumbuka, koma nthawi ija ku sukulu anali kuyamba kuwelenga mu Chinyanja, chifukwa ndiye chinali chitundu chophunzitsila kum'mawa. Mwana wa zaka 7 saphunzila na matu chabe. Amayang'ana pakamwa pako. Kuti asiyanitse "ma" na "na", afunika aone milomo ikumana olo lilime likwela kumbuyo kwa mano. Kuti amve "pa" na "pha", afunika aone mpweya mwamene uchokela. Ukavala chitenge pakamwa, vonse ivi vasila. Nenze kukuwa "ba, be, bi", kumbuyo kuyankha "da, de, di".

Ikilaniponi kupya kwa October. Malata pamwamba, maski ya chitenge yosokewa kwa telala pa maliketi, yanyowa na thukuta 10 hours ikalibe kukwana. Pokomboka mau asila, mutu uwawa.

So ninapeza nzelu yanga. Maski pa chibwano, maso pa windo. Ba hedi akapita pakhonde, nakweza. Motoka ikamveka kumseu, mwina ni akuluakulu ochokela ku boma, nakweza. Ikapita, nagwetsa. Mumtima nenze kuziuza ati nichitila ana kuti aziwe kuwelenga, nanga nalakwila ndani?

Tsiku ina m'mawa tili pakati pa phunzilo, motoka inamveka. Nikalibe na kugwila maski yanga, kilasi yonse yakweza kale, pamodzi, monga ninawaphunzitsa na choko pa bolodi. Zii. Motoka ija yenze chabe Canter ya ogula soya. Pamene inapita, kamtsikana kena ka pa desiki yakutsogolo kananyamula dzanja bwinobwino.

"Ba ticha, motoka yapita. Tivule?"

Mwandi, ninachita manyazi. Uja mwana sanali kunitonza. Anali kufunsa na mtima umodzi, chifukwa ndiye lamulo yamene anaphunzila kwa ine. "Ma" na "na" anali akalibe kugwila, koma phunzilo yakuti maski ni ya motoka ya boma anaigwila yonse, 10 pa 10. Ndipo nenze kuziwa kwamene achokela. Anali kukhala na ambuya ake odwala BP, nyumba imodzi, mbale imodzi. Ngati kachilombo kanali kudzafika pa mphasa ya agogo aja, njila yake inali kupitila mu kilasi mwanga.

Sininasanduke mngelo tsiku yamene ija, koma ninasintha kachitidwe. Phunzilo ya mamvekelo ninaipeleka panja, pansi pa mtengo wa mango, m'mawa kukalibe kupya. Ana akhala pansi motalikilana, ine naimilila patali, pa mphepo. Apo ndiye nenze kuchotsa maski kwa mphindi zing'ono kuti aone pakamwa, ndipo nenze kuwauza chifukwa chake. Tikangena mu kilasi, maski pamphuno mpaka belu, kaya kubwele motoka kaya kusabwele. Ninasokesa zitatu kuti imodzi ikanyowa nisinthe, madzulo nawasha. Mau anapitiliza kusila. Ana enangu anachedwa ndithu kuwelenga, siningakunamizeni. Koma funso ija sinamvekenso.

Mu June 2021 matenda anabwela mwamphamvu, masukulu anavalidwanso. Mwezi wamene uja tinataya ba KK, ndipo mauthenga a malilo pa WhatsApp sanali kuleka. Mnzanga wina wachikulile, wamene tinali kumwa naye tiyi mu staff room, anadwala mpaka kumupeleka ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, apuma movutikila. Anachila, Mulungu ni wabwino. Koma masiku yonse yamene anali m'chipatala, ine nenze kuganiza za miyezi ija yamene maski yanga inali pa chibwano.

Mwina mukamba ati corona inapita, nanga nkhani iyi ni ya chani lelo? Kumbukilani January 2024, pamene kolela inavuta mu Lusaka. Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu sanasegulidwe mpaka pa 12 February. Malamulo anabwelanso: klorini mu madzi, sopo pa chigubu, osagula vakudya paliponse. Angati a ise tinali kusamba m'manja chabe ngati pa geti pali munthu wotiyang'ana? Nanga helemeti pa honda, lamba mu motoka, magulovu ku nchito, timavalila ndani? Mutu ni wanu, si wa ofisa wa RTSA.

Imwe muli na mwana panyumba, olo mng'ono wanu, olo kamnyamata kophunzila nchito pa garage. Vokamba vanu amamva pang'ono chabe. Chamene ayang'ana ni ichi: ba bwana akapita, muchita bwanji?

Ka mtsikana kaja manje ni kakulu, kawelenga bwino Chinyanja na Chizungu. Sikaziwa kuti tsiku ija ndiye kanali ticha.